Khasu Siliwerenga

Ku Lufita, munthu akafuna chitsime, dzenje la chimbudzi kapena maziko a nyumba, dzina limene amauzidwa ndi la a Goodson Msukwa. Ndi bambo wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo zikhatho zawo n'zokhakhala ngati khungwa la mango. Sukulu analekezera sitandade sikisi. Akhala akukumba kuyambira unyamata, moti amadziwa pamene pali thanthwe, pamene padutsa paipi ya madzi, ngakhalenso pamene panali chimbudzi chakale chimene eni ake anachiiwala. Dandaulo la anthu pa iwo ndi limodzi lokha: safulumira. Ntchito ya masiku awiri kwa a Msukwa imatenga anayi, ndipo ukawakakamiza amangoti, "Nthaka sithawa, adada."

Kusafulumirako kuli ndi pochokera. Ali ndi zaka makumi awiri ndi kanthu anapita kukagwira ganyu ku Tunduma. Tsiku lina akukumba ngalande kuseri kwa sitolo, piki yawo inalowa m'chinthu chofewa. Atazula anaona waya wakuda, wonenepa ngati mkono wa mwana, atang'ambika pakati. Palibe chinachitika, chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Magetsiwo anayaka iwo atapita kukadya, ndipo m'ngalande muja munaphulika ngati mfuti, dothi n'kuda bii. Mpaka lero, anthu akamatukwana kuti magetsi azimanso, a Msukwa satukwana nawo. Amati kuzimako ndi kumene kunawasunga.

Chaka chatha mu Ogasiti, mphepo ya ku Chitipa itafika pachimake, anaitanidwa kwa mayi Esnart Nasibale, amasiye oweta nkhuku za mazira. Mita ya magetsi ili pa nyumba yawo yaikulu. Kuchokera pamenepo waya ankadutsa m'mwamba, pa mapolo atatu a bulugamu, kupita ku khola la nkhuku ndi ku nyumba ziwiri za lendi. Mapolowo chiswe chinali chitawadya m'munsi. Limodzi linagwa ndi mphepo, waya wamagetsi n'kugwera pa waya woyanikapo zovala, mayiwo ali pomwepo ndi chitenje chonyowa m'manja. Munthu wa lendi ndi amene anakuwa asanachiponye pawayapo.

Wokonza magetsi anali Clifford, wa ku Thyolo koma anakwatira kunoko, ndipo anthu amangomuti fundi. Iye ananena kuti za mapolo zithe, waya adutse pansi, m'kati mwa paipi, monga anachitira pa nyumba zina zitatu za mzere womwewo. Anayeza ndi tepi, nakhoma zikhomo.

"Madala, mukumbe kufika m'mawondo basi," anatero Clifford. "Pamwamba pake tiyala riboni iyi. Mwaiona kufiira? Yalembedwanso mawu ochenjeza."

A Msukwa anaitembenuza riboniyo, n'kuyang'ana pabwalo. Mizere ya chimanga chimene anakolola inali kuonekabe mpaka pafupi ndi khonde.

"Fundi, pano amalima?"

"Ku Lufita kuno kuli bwalo losalimidwa? Mvula ikagwa mumadzala mpaka pakhomo la bafa."

"Ndiye riboni yanuyi adzawerenge ndani? Khasu siliwerenga. Limangomva."

"Limamva chiyani?"

"Njerwa."

Clifford anaseka, nati achikulirewo achite zimene akudziwa, bola Lachinayi akhale atamaliza.

Sanamalize Lachinayi. Anakumba kufika m'chiuno, mapazi makumi anayi kutalika kwake, ndipo pakati anakumana ndi mizu ya mtengo wa mapeyala imene anakana kuidula, n'kumadutsa pansi pake ndi kakhasu kakafupi. Clifford atayala paipi, a Msukwa anathira mchenga wa ku mtsinje pamwamba pake, kenako anapita kwa mwini nyumba, chipewa chili m'manja. Pambali pa khola panali mulu wa njerwa zootcha, zosanjidwa bwino.

"Amama, njerwa zanuzi ndikupemphako. Ndiziyale pamwamba pa waya."

"Njerwa zanga?" anatero mayi Nasibale. "Zaka ziwiri ndikuphikira pamphepo kudikira khitchini, ndiye lero ndizikwirire ngati maliro? Yayi, a Msukwa. Fundi wanena kuti riboni yakwana. Kwirirani, anapiye anga akufa ndi kuzizira."

Mayiwo sankanama. Magetsi a ku khola anali atadulidwa kudikira ntchitoyi, ndipo anapiye mazana awiri ankawothetsa ndi mbaula ya makala. A Msukwa anachiona chimenecho, ndipo chinawapweteka. Koma akayang'ana m'ngalandemo ankaona dothi lakuda la ku Tunduma. Sanakangane nawo. Anangokwera njinga kupita kumunsi kwa mtsinje, kumene kunali uvuni wakale, napempha mwini wake zidutswa za njerwa zimene zinatsalira. Pa ulendo umodzi njinga inkanyamula zidutswa makumi awiri ndi zisanu m'thumba, iwo akukankha. Anayenda maulendo ambiri kwa masiku awiri. Ena amati khumi ndi awiri, akazi awo amati anapitirira.

Anyamata a kabaza pa mphambano sanawasiye.

"A Msukwa, monire! Tamva kuti mukumangira nyumba mfuko!"

"Ndi ya apongozi anu," anayankha akupukuta thukuta. "Akuti yanu ija ikudontha."

Loweruka Clifford anabwera atakwiya, poti ntchito ina inkamudikira ku Boma. Anaima m'mphepete mwa ngalande, manja m'chiuno, akuonerera achikulirewo akusanja zidutswa mogundanitsa, osasiya mpata wolowa chala. Anang'ung'udza kuti chikhalire sanaonepo munthu wamakani chotere. Kenako anavula jekete n'kuyamba kuwapatsira njerwa, kuti zithe msanga. Anathira dothi, anayala riboni ija chapamwamba, anakwirira, magetsi n'kuyaka ku khola. Anapiye asanu ndi awiri anali atafa. Mayi Nasibale anawatsanzika a Msukwa ndi "yewo" wouma, osawaperekeza n'komwe pachipata.

Miyezi inayi inadutsa. Sabata ya Khirisimasi, a Msukwa ali pansi pa chitsime chimene ankakumba kwa munthu wina, kuwala kwa pamwamba kunatsekeka ndi mitu iwiri.

"A Msukwa! Tatulukani!"

Anawazindikira mawuwo, ndipo anaganiza kuti waya uja wavuta. Atakwera chingwe anapeza mayi Nasibale ali mu yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, pambali pawo pali mwana wawo Evelyn, amene amaphunzitsa ku Mzuzu ndipo anali atabwera kutchuthi. Amene anafotokoza nkhaniyo ndi mwanayo.

Evelyn za waya wapansi sankazidziwa. M'mawa umenewo, mayi ake atapita kutchalitchi, anagula pamsika mbewu za nthochi za ku Misuku kuti awadabwitse. Posankha podzala anaona kamzere pamene nthaka inatitimira pang'ono ndipo inasunga chinyontho, nati malo abwino ndi amenewa. Khasu linkangolowa lokha.

"Riboni yofiira simunaione?" anafunsa a Msukwa.

"Inatuluka ndi dothi, yodukaduka. Ndimayesa ndi jumbo yakale, ndinangoitaya uko." Evelyn anayang'ana pansi. "Dzenje litapitirira m'mawondo ndinamenya ndi mphamvu, ndikumva kho! Mpini unandigwedeza mpaka m'mapewa. Ndinasuntha pang'ono, kho! Nditapalasa ndi manja ndinaona njerwa zili pamzere. Ndiye ndinawaimbira amama kuti, kodi munakwirira chiyani apa?"

"Ndinakuwa m'tchalitchi muja ngati wamisala," anatero mayi Nasibale. "Siya khasulo, choka pamenepo! Ndinakwera njinga yamoto osafunsa ndi mtengo womwe." Anakhala pansi pa mulu wa dothi lonyowa, osasamala yunifolomu. "Akanakhala waya wa m'mawondo uja, lero ndikanakhala ndikulira mwana mmodzi yekhayu. Ine ndinakumanani njerwa, adada. Ndinakukwiyirani chifukwa cha anapiye. Tawonga chomene. Ndilibe mawu ena."

A Msukwa sadziwa kulandira mawu otere. Anakanda kumutu, anayang'ana m'chitsime, kenako anafunsa chimene chinkawavuta.

"Nanga njerwayo yasweka?"

"Yagawika pawiri," anatero Evelyn.

"Ndiye tiyeni. Pamenepo patsala poyera."

Anapempha mwini chitsime kuti awadikire, ndipo atatuwo anayenda wapansi. Pofika, a Msukwa anayamba auza Evelyn kuti azimitse magetsi pa mita, kenako anagwada m'dzenjemo n'kuchotsa zidutswazo ndi manja. Mchenga wa pansi pake unali wosakhudzidwa. Asanadzuke kukafuna china choikapo, anaona mayi Nasibale akubwera kuchokera pa mulu wawo uja, atafungatira njerwa zathunthu zinayi.

"Tengani. Mukafuna zina ndikatenganso, ngakhale mulu wonse."

"Imodzi yakwana, amama. Zinazo bwezerani, khitchini ikudikira."

Anaiyika, anaigogoda ndi chibakera kuti ikhazikike, nakwirira. Kenako anatenga khasu la Evelyn, anayeza mapazi asanu ndi limodzi kuchoka pa mzere wa waya, n'kuyamba kukumba dzenje lina la nthochi. Evelyn anati akumba yekha, koma iwo anakana, ati alendo ochokera ku Mzuzu akumba mokwanira tsiku limenelo.

Clifford nkhaniyi anaimvera ku Boma. Sanapite kukapepesa, ndipo a Msukwa sanayembekezere zimenezo. Koma mwezi wotsatira, atapeza ntchito yochotsa mapolo pa nyumba ina ya kufupi ndi mtsinje, mwini nyumbayo anadabwa kumva fundi akumuuza kuti asanagule waya ndi paipi ayambe wapeza njerwa, ndiponso kuti ngalande akumba ndi a Msukwa.

"Koma aja amachedwa," anatero mwini nyumbayo.

"Amachedwadi," anavomera Clifford. "Muwadikire."