Nsapato za amayi kuseri kwa nkhokwe

Moni nonse a pabanja.

Lero kuno ku Zemba kunabwera mzungu wachikulire, wojambula zithunzi m'mayiko osiyanasiyana, ali ndi womasulira. Anandipeza ndikuswa nsawa, mwana ali kumsana.

Anatulutsa chithunzi chimene anajambula pakhomo pano m'ma 1990, n'kundipatsira m'manja. Ndi malemu amayi, atakhala pafupi ndi nkhokwe, opanda nsapato, ine ndili khanda pamiyendo pawo. Akuti anthu a mayiko ambiri anachiona.

Nditayang'anitsitsa, ndinaona nsapato zawo zakutchalitchi zikusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Paja amayi ankanena kuti tsikulo anatchena koma mzungu anawavulitsa nsapato. Ine ndinkayesa nthabwala.

Kenako womasulira anati, "Mayi, akufuna mukhale pomwepo ndi mwana wanu. Muvale chitenje chakale, nsapato muvule."

Mumandidziwa, pamaso pa alendo mawu satuluka. Koma lero anatuluka. Ndinati, "Auzeni adikire ndikasambe, ndivale diresi langa labwino."

Womasulira anaseka. "Asisi, kwawoko zithunzi za anthu otchena sazikonda."

"Ndiye akajambule mbuzi zili apozo. Sizivala kanthu."

Mzunguyo anafiira nkhope, n'kutambasula dzanja kuti ndibweze chithunzi. Ndinachilowetsa m'bulauzi. Nkhope ya amayi sitili nayo pena paliponse, ana athu samawadziwa. Mzunguyo akuti abweranso mawa kudzatenga chithunzicho.

Amalume, achimwene, kodi ndalakwa? Nenani maganizo anu, ndimva. Koma ngakhale munditsutse nonse, amayi afika kwawo, sapitanso kunja.