A Magdalene ndi Nkhuni Zosasonkhezera

Nditabwerera ku Nairobi kuchokera kusukulu ku Calgary, ndinkangozungulira m'nyumba ya makolo anga ku Westlands ngati ndataya kanthu. Unali mwezi wa Julayi. Anthu atavala majuzi awiriawiri, ine ndikuwaseka kuti kuzizira kwenikweni sakukudziwa. Zonse mumzinda uno zinkandibowa, mpaka tsiku limene ndinaona a Magdalene akugwira ntchito.

A Magdalene kwawo ndi ku Dedza. Anabwera kuno mu 2011 kudzalera ana a banja lina logwira ntchito kubungwe lakunja. M'nyumbamo munali malo owothera moto wa gasi, ndipo mmisiri wina wachikulire, amene kuno amati fundi, a Wafula, ankabwera chaka ndi chaka kudzawakonza. A Magdalene ankaima pambali, mwana ali kumsana, mafunso osatha, mpaka mkuluyo anatopa n'kuwapatsa sipanala kuti ayese okha. Banjalo litasamukira ku Geneva, iwo anatsala. Lero amachoka ku Utawala pa maminibasi awiri, amene kuno amati matatu, chikwama cha zida chili pamiyendo, ndipo moto wa nyumba khumi ndi zinayi za mumpanda mwathu amausamalira ndi iwo.

Koma sabata imeneyo dzina lawo linali litada. Mayi anga anali atalemba pagulupu ya azimayi a ku Malawi kuti chikonzereni a Magdalene moto wathu mu Meyi, tikauyatsa mutu umatipweteka ndipo khoma lada ndi mwaye. Azimayi atatu anali atayankha kale kuti aitana fundi wina.

Loweruka m'mawa a Magdalene anagogoda.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Ndawerenga zija. Ngati vuto ndi manja angawa, ndilemba ndekha pagulupu kuti musamandiitanenso. Koma poyamba tsegulani mawindo onse."

Anayamba panja, pa silinda ya gasi. Anasungunula sopo m'kambale n'kupaka thovu pamfundo iliyonse ya paipi, kuchokera pa silinda mpaka m'chipinda chochezera, uku akuyang'anitsitsa ngati lifufuma.

"Anti, ku Canada amagwiritsa ntchito kamakina konunkhiza gasi," ndinatero.

"Kali m'chikwamamo, Watipa, katenge useweretse. Ine ndimafuna ndione kaye ndi maso."

Thovu silinafufume paliponse, ndipo kamakinako nakonso kanangokhala chete. Atatseka gasi, analowetsa kagalasi kunsi kwa chumuni n'kuwalitsa tochi. Munalibe chisa cha mbalame, kumwamba kunkaoneka. Timabowo totulukira moto anatisesa ndi kabulashi, tonse tinali totseguka. Kenako anatsitsa kaalamu ka mpweya woipa kamene anapachika pakhoma mu Meyi, n'kukatembenuza.

"Amayi, batire la aka lili kuti?"

"Kankasokosa kwambiri, ndiye ndinachotsa."

"Kankasokosa chifukwa mpweyawo unalimo. Umenewo sununkha, suoneka, umangokugonetsa. Mulungu wakukondani kuti zathera pa mutu."

Mayi anakhala pansi pang'onopang'ono. Bambo anga, a Dunstan, anali pampando wawo, nkhope yonse itabisika ndi nyuzipepala.

Mpweya woipa unalipodi, ndipo chifukwa chake chinali chisanapezeke. Ndinaona thukuta pamphuno pa a Magdalene, kuzizira konse kuja. Anagwada n'kuyang'ana nkhuni za pamotopo. Si nkhuni zenizeni ayi, ndi zadothi zowotcha, zisanu, zopakidwa mtundu wa mtengo. Zonse zinali bii ndi mwaye. Anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza zithunzi, chifukwa nyumba iliyonse akamaliza amaijambula.

"Bwera uone!"

Pachithunzi cha mu Meyi nkhuni zinali zotalikirana, iliyonse pakachitsulo kake, pakati pali mipata yodutsa lawi. Pamotopo zinali zitaunjikana, mitu yonse itakumana pakati. A Magdalene anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Izi sizinayende zokha. Wasanja apa ndi munthu wokulira kumudzi, wodziwa moto bwinobwino. Iwe Watipa ayi, sungathe. Amayi, zikhadabo zanuzo sizinagwirepo mwaye."

Tonse tinatembenukira ku nyuzipepala ija. Inatsika pang'onopang'ono.

"Moto wake unali woonda, wabuluu ngati wa sitovu," anatero bambo. "Ndiye m'mawa uliwonse ndikauyatsa ndimangosonkhezera pang'ono ndi chopanira nyama chija. Umafiira bwino kwambiri."

"Bambo a Watipa, ndi madigiri onse aja?" anatero mayi.

"Kusonkhezera mumatha, bambo, ku Dedza bwenzi tikukutamani," anatero a Magdalene. "Koma uwu ndi gasi. Lawi likamamenya nkhunizi silipsa mokwanira. Kufiira mumakukondako ndiye mwaye, ndiye mutu wa amayiwo."

Anazitenga imodziimodzi ngati mazira, kuzipukuta ndi bulashi yofewa popanda madzi, n'kuzibwezera akuyang'ana chithunzi. Anaika batire latsopano mu kaalamu kaja, anatsegula gasi, n'kuyatsa. Lawi linathamanga mzere wonse, labuluu pansi, nsonga zokha zikuvina chikasu, osakhudza nkhuni ngakhale imodzi. Tinatseka mawindo n'kukhala mphindi makumi atatu maso ali pa kaalamu. Kanangokhala duu. Ndinazindikira kuti nthawi yonseyo sindinagwire foni yanga.

Mayi sanadikire kuuzidwa. Analemba pagulupu, n'kuwerenga mokweza asanatumize: "Ndinalakwitsa. A Magdalene ntchito yawo ilibe vuto. Wosonkhezera nkhuni zadothi ndi mwamuna wanga." Foni inayamba kulira mosalekeza. Mayi wina anaulula kuti apongozi ake amachitanso zomwezo, ndipo anapempha a Magdalene kuti adutse kwawo tsiku lomwelo asanakwere matatu.

Akulongedza zida, a Magdalene anatenga chopanira nyama chija n'kundipatsa kuti ndikachibise kukhitchini. Kenako anapatsa bambo kambale ka sopo ndi kabulashi.

"Ndikudziwa kuti manja amayabwa mukakhala pamoto. Ntchito yanu ndi iyi: mwezi uliwonse thovu pamfundo zonse. Likafufuma, tsekani silinda, tsegulani mawindo, mundiimbire."

Bambo analandira ndi manja awiri. Tikuperekeza a Magdalene kugeti, bambo anali atagwada kale kuseri kwa sofa, akupakanso thovu pamfundo ya paipi.