Masipika awiri aang'ono a mng'ono wanga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha benchi yomwe ndinatsamira panja pa nyumba ya malemu mng'ono wanga ku Chilomoni. Chiperoni chinali chitatsika m'phiri la Michiru ndipo tenti inkadontha mbali imodzi. Ndisanasukusule n'komwe ndinafufuza chikwama changa cha mapepala. Chinali pomwe ndinachisiya, pansi pa miyendo, chosanyowa. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma, ndipo ine pepala sinditaya.

Mng'ono wangayo ankajambula nyimbo za makwaya m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Anali ndi masipika anayi. Awiri anali aakulu ngati makabati, obwereketsa pa maukwati. Awiri enawo anali aang'ono, oti n'kunyamula m'khwapa, ndipo ndiwo ankamverera posakaniza mawu a oimba ndi zida. Iye ankawatcha mamonita. Matenda atakula anandilembera kalata yoti aang'onowo akhale a mwana wake Tiyamike, yemwe wakhala naye pa makinawo kuyambira ali ku sekondale. Popanda iwo ntchito ya mtsikanayo ikanathera pomwepo. Kalatayo inali m'chikwama pamodzi ndi kabuku ka masipikawo. Ndinkadziwa kuti ifunika, chifukwa msuweni wathu wina wa bala ku Bangwe anafika dzulo lake akufunsa kiyi wa kachipindako, maliro ali m'nyumba.

Kutayera, amayi anasonkha moto kuseri, utsi ukukwawira pansi chifukwa cha nkhuni zonyowa. Makwaya anayamba kutsika m'maminibasi, a ku Ndirande, a ku Zingwangwa, a ku Machinjiri, iliyonse ndi yunifomu yake. Ndinayembekezera kulira kokhakokha, koma m'tentimo munali kuseka. Ankakumbutsana za kadontho ka penti wa zikhadabo komwe malemu anapaka pa batani lokwezera mawu. Kupyola pamenepo sankalola, ngakhale apemphe ndi abusa. Ankati nyimbo ukaikweza kwambiri makutu amanama, ngakhale kwaya yosokonekera imamveka ngati angelo. Muyezo wake unali wakuti anthu awiri azitha kucheza nyimbo ikulira, osakweza mawu. Akamaliza ankaimveranso pa kawayilesi ka kukhitchini, kenako n'kukapempha dalaivala wa minibasi kuti amuikire.

Mwambo usanayambe, alamu anga, amayi ake a Tiyamike, anapempha kuti anthu amve nyimbo yomaliza yomwe amuna awo anajambula. Anaisiya yosamaliza, ndipo Tiyamike ndiye anaimaliza bambo ake ali m'chipatala. Msuweni uja anadzipatsa yekha udindo. Anatulutsa masipika aakulu aja n'kupotokola batani mpaka kumapeto. Magalasi a mawindo ananjenjemera, makanda analira, ndipo palibe liwu limodzi lomwe tinamva. Ine ndinaimirira kuti ndikatsitse, koma Tiyamike anandiyambirira. Anazimitsa, n'kutulutsa aang'ono aja. Anawaika patebulo pakhonde, atawapendeketsa pang'ono ngati akuyang'anana, ndipo batani analiimika pa kadontho kaja. Msuweniyo anaseka, n'kunena kuti timeneto sitimveka ngakhale pageti.

Sananame. Anthu anachita kukhala chete kuti amve. Amayi a kumoto anaika zikombe pansi n'kusendera. Tinamva liwu lililonse palokha, ngati oimbawo aima pakhondepo. Mayi wina anazindikira liwu lake n'kudzigwira pakamwa. Nyimbo itatha panadutsa kamphindi, kenako m'masipikamo tinamva mng'ono wanga akuyankhula mosakweza mawu, monga mwa masiku onse: "Tibwereze. A besi mwathamanga, kulibe basi ikukusiyani." Tiyamike anawasiyamo dala mawu amenewo. Tenti yonse inaseka. Abambo a besi anayamba kulozana. Alamu anga anaseka misozi ikutsika, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuseka chiyambire matenda.

Tinanyamuka mvula yowazayo italeka. Makwaya anasinthana kuimba njira yonse, ndipo a besi ankayenda mosamala kwambiri moti ankachita kutsalira m'mbuyo. Kumanda zonse zinayenda mwadongosolo. Mbiri ya malemu ndinawerenga ine, yolemba pamakina, ndipo ndinakonza tsiku lobadwa lomwe a mpingo analakwitsa.

Titabwerako, anthu asanathe n'kubalalika, msuweni uja anakakamira kuti abale tikhale pansi tikambirane za katundu, poti iye ndi wotanganidwa. Ndinakhala moyang'anana naye, chikwama pamiyendo, chala chili pa kalata. Iye anati masipika aakulu atenga akasunge ku Bangwe. Za aang'onowo anati wadzimvera yekha, alibe mphamvu, alibe besi, mwina anapsa m'kati. Anati timusiyire mtsikanayo aziseweretsa.

Apa ndivomere kulakwa kwanga. M'malo mokondwa ndinapsa mtima, chifukwa bodza sindimatha kulilekerera. Mng'ono wanga anasankha masipika amenewo atayenda mashopu a ku Limbe mwezi wathunthu ndi nyimbo imodzi yomweyo m'thumba, kufuna omwe sakometsera nyimbo koma amaulula zolakwika. Zonsezi anazilemba kuchikuto kwa kabuku kaja. Ndinakasolola n'kuyamba kunena kuti, "Inu achimwene, simukudziwa kuti aang'onowa ndiwo..."

Phazi la alamu anga linatera pa langa, pomwe pali chala chodwala.

"Alamu, tiyi wanu akuzizira," anatero osandiyang'ana.

Tiyi ndinalibe. Ndinabweza kabuku m'chikwama. M'malo mwake ndinatulutsa pepala loyera n'kulemba kuti msuweni watenga masipika aakulu awiri mwa chilolezo cha mayi wamasiye, ndipo aang'onowo wawakana yekha pamaso pa mboni. Anasainira akumwetulira. Pambuyo pake alamu anandinong'oneza kuti aakuluwo anatopa nawo kale, ankangodzaza malo ndipo limodzi limalira ngati muli njuchi.

Madzulo tenti inali itapindidwa, mabenchi atabwerera ku tchalitchi, pabwalo patatsala phulusa lonyowa. M'nyumba tinatsala atatu. Kalata ija ndinaipereka kwa Tiyamike, ine n'kusunga fotokope yake. Anaiwerenga ataima, n'kuipinda, kenako analowa m'kachipinda kaja ndi kuyatsa nyimbo ija. Ine ndi alamu tinakhala pakhomo pake tikucheza za anthu omwe anabwera, osakweza mawu. Itayandikira pomwe mng'ono wanga amayankhula, ndinapempha Tiyamike kuti akweze pang'ono, poti makutu anga akalamba. Anayang'ana kadontho kaja, n'kuyang'ana ine.

"Senderani pafupi, bambo aakulu."

Ndinakoka mpando.