Kadontho Kofiira

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Kadontho, chifukwa chitsulo chilichonse chimene amanga pa galimoto ankachidontheza penti yofiira asanatseke. Amakaniko anzawo ankawaseka kuti amadzoza zitsulo ngati zikupita ku ukwati, koma iwo analibe nazo ntchito. Zaka makumi atatu ali pansi pa magalimoto, msana unapindika, zikhadabo zinada mpaka sopo anagonja, koma palibe galimoto yotuluka m'galaja mwawo imene inakagwerapo m'ngalande.

Anali ndi mng'ono wawo mmodzi yekha, amene anamulera okha makolo atamwalira. Anayesa kumuphunzitsa sipanala, iye mtima uli pa chiwongolero. Atakula anapeza vani yakale, yotopa ndi dziko, n'kumanyamula ana a sukulu. Mwa anawo munalinso mwana wamkazi wa a Kadontho, womaliza, amene ankakonda mpando wakumbuyo, pamwamba penipeni pa tayala. N'chifukwa chake chaka chatha a Kadontho anamanga mabuleki akumbuyo onse atsopano: mashu, masipuling'i ndi mapaipi omwe. Anadontheza penti yawo, mtima n'kukhala m'malo.

Lachisanu lina mwanayo anafika akudumphadumpha.

"Ababa, tikamatsika chitunda chija cha kusukulu bambo aang'ono amapopa buleki kanayi. Timawerenga tonse mokweza, zimakoma!"

Chakudya chinawakanika tsiku limenelo. Kutacha anaitanitsa vaniyo n'kuikweza pa jeke, mwini wake ataima pambali manja ali m'thumba. Dilamu yophimba buleki ya kumbuyo inakana kutuluka, dzimbiri litaigwira zolimba. Anathira mafuta, anagogoda ndi nyundo kuzungulira, anagogodanso, mpaka inagonja, fumbi la dzimbiri n'kuwathothokera m'manja. Anapukuta ndi chiguduli kufunafuna kadontho kawo. Kunalibe. M'katimo munali mashu akale omwe aja anachotsa okha chaka chatha, odyeka mpaka pachitsulo, ndi sipuling'i yomangidwa ndi waya. Paipi yobweretsa mafuta a buleki inali yophwanyidwa ndi nyundo kuti isadonthe. Matayala akumbuyo analibe buleki ngakhale pang'ono.

"Iwe, zitsulo zanga zija zili kuti?"

Mng'ono wawoyo anayang'ana pansi. "Munthu wina anazifunitsitsa, achimwene. Komatu akutsogolowa akugwira bwinobwino."

"Nanga paipiyi anaphwanya ndani?"

"Si inu nomwe munandionetsa? Tsiku lija galimoto inatifera panjira."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinawabaya kwambiri. Zaka zambiri zapitazo paipi itawaphulikira kutali ndi kwawo, anaiphwanya okha kuti angofika kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono, mulibe wokwera. Anamuuza momveka kuti nzeru imeneyi ndi ya tsiku limodzi basi. Iye anaisunga n'kuyenda nayo miyezi, atadzaza ana a eni ake, pamodzi ndi wa mkulu wake yemwe. M'mawa uliwonse ankaimba hutala pachipata, n'kuwakwezera mkono akumwetulira, iwo n'kumakwezanso ngati chitsiru.

Sanakalipe. Munthu amene anamusambitsa ali wamng'ono, kumuveka ndi kumudyetsa, akanayambira pati kumukalipira? Anagwada n'kuyamba ntchito, poti Lolemba ana a anthu akweranso. Manati odyeka anawadula ndi tchizulo, anapinda paipi yatsopano, anamanga mashu mbali zonse ziwiri. Pochotsa mpweya m'mapaipi pamafunika anthu awiri, wina kupopa, wina kumasula kabawuti. "Popa. Gwira. Siya." Mawu amene analankhulana tsiku lonselo ndi omwewo.

Lolemba hutala inalira pachipata kawiri, kenako katatu. Palibe anatuluka. A Kadontho anali kale pa chitunda chija, ovolosi ili m'thupi, chikwama cha mabuku paphewa, mwana kudzanja. Vani inawadutsa ikutsika bwinobwino, mabuleki akugwira kamodzi n'kamodzi. Mwanayo anakweza mkono. Iwo sanakweze.