Mtedza wa Mbewu wa Amalume

Amalume, lero minibasi ya ku Malomo yandibweretsera kathumba ka mtedza kochokera kwa amayi. Akuti ndi wa mbewu ija munkasenda inu chaka chatha, tsiku lomwe ndinafika kumudzi ntchito itandithera ku Lilongwe. Ndinakupezani pakhonde, lichero lili pamiyendo, ukalamba utakupindani msana, maso atachita khungu. Munkasankha ndi zala, wonyala kumbali, wabwino m'lichero. Ndinakufunsani mwamwano kuti, "Mukudzivutitsiranji, poti mano mulibe, khasu simungaligwirenso?" Munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Iwe mano uli nawo onse, koma chifikire sindinakumve ukuseka. Ine ndikadzuka n'kupeza choti manja achite, tsikulo landikwanira. Khala pansi undithandize."

Sindinakhale pansi. Ndinanama kuti ndikufuna kuimba foni, ndipo mawa lake ndinabwerera kutauni osatsazika bwino. Munatisiya mtedzawo usanachite maluwa. Ntchito ina ndinaipeza, koma kaseko kanu kaja ine ndilibe mpaka lero. Mtedzawu amayi atumiza wosasenda. Tsopano ndikhala pansi, amalume, koma ndisenda ndekha.