Nkhunda zanga padenga la a Kalisito

A Kalisito ndikawakumbukira, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la zitosi za nkhunda zonyowa ndi mame, losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho umene unkatuluka m'kanyumba kophikira ka akazi awo aNagama m'mawa wa nyengo yozizira, chifunga chisanachoke m'mitengo ya mapichesi. Anali anansi athu kumudzi, kufupi ndi Fonte Boa, ndipo chotilekanitsa chinali mpanda wa nkhadze basi. Ana tonse tinkawatchula agogo ngakhale panalibe chibale. Ine ndinkawachitira nsanje, ndipo mpaka lero sinathe.

Pakhomo pawo chilichonse chinkangoyenda. Mapichesi awo ankapsa athu akadali aawisi. Anamzeze akabwera ndi mvula ankamanga zisa pakhonde pawo, pathu n'kungodutsa ngati tinawalakwira. Dimba lawo kudambo linali logundana ndi la bambo anga, madzi tinkatunga pachitsime chimodzi, koma repolyo wawo, kabichi uja, ankakula mitu ngati mitsuko. Chimodzi chokha chimene tinkawaposa chinali khola la nkhunda. Bambo anamanga lathu ndi manja awo, lalitali kuposa la a Kalisito, ndipo nkhunda ziwiri zoyera za madontho ofiirira m'khosi anati ndi zanga. Ndinkazizindikira ngakhale zili m'mwamba.

Chaka chimene ndinali m'kalasi yachitatu, mvula yobzalira inabwera ndi matalala. Kunada masanasana, mphepo inasasula madenga, kenako matalalawo anayamba kugwa, aakulu ngati mazira a nkhunda. Itakata tinathamangira kudambo. Matimati a bambo, amene anangotsala pang'ono kuti akawagulitse kumsika wa ku Kalomwe, anali phala lokhalokha. Dimba la a Kalisito, kungodumpha ngalande, linathothoka timasamba towerengeka. Abale inu, mtambo nawonso n'kumasankha anthu! Bambo anaima pangalandepo, kenako anatembenuka n'kulowera kumene ankatcheza kachasu.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa phokoso. Amayi akayankhula, bambo ankati akuwanyoza. Bambo akachedwa, amayi ankawalandira ndi mawu. Mbale zinkauluka, chitseko chinathyoka. Nkhunda zinayamba kuchoka, osati tsiku limodzi ayi, koma ziwiriziwiri. Zinkatera pampanda, kusuzumira uku ndi uku, n'kutsikira mbali inayo. Kwathu aliyense amadziwa kuti nkhunda sizikhala pakhomo pokangana, ndiye khola lathu lalitali lija, loonekera kumsewu, linkaulula zonse zimene amayi ankabisa akamaseka ndi anzawo pamjigo. Zanga ziwiri ndizo zinapirira. Ndinkazitapira chimanga m'nkhokwe yomwe inali itatsala pang'ono kutha, kuzithirira madzi m'phale, kuzipempha ngati anthu. Ndinkati zikangotsala izizi, palibe anganene kuti pakhomo pathu patha. M'mawa wina ndinaziona padenga la a Kalisito zikusisitana makosi.

Ndinalowa pachipata chawo mtima ukuwira. Ndinawapeza atakhala pachitsa akusema mpini wa khasu. Atandiona anaitana aNagama, monga agogo amachezera ndi adzukulu, kuti atuluke adzaone mkazi mnzawo wafika ndi nsanje kusanache bwino. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti ndi akuba, amathira mankhwala m'madzi a nkhunda, ndipo zanga andibwezere lero lomwe.

Sanakwiye, ndipo chimenecho chinandipsetsa mtima koposa. Dzuwa litapendeka anazigwira, anaziika m'dengu, n'kudzazilowetsa okha m'khola mwathu. Kutacha zinali kwawo. Anachita zimenezi kangapo, mpaka tsiku lina anaika dengu pansi n'kundiyang'ana.

“Selina, ine nkhunda ndingainyamule, koma pogona imasankha yokha.”

Kenako ndinamva kuti akuuza anthu potuluka ku misa kuti mizati ya khola lathu yadyedwa ndi chiswe, ndipo bambo ndi amene anawapempha kuti asungeko nkhundazo. Bodza lenileni, mizati inali yolimba gwa. Amayi anakawathokoza atagwada. Ine ndinkangoona kuti munthu amene ali ndi zonse watenganso ndi chifundo chomwe, ife n'kutsala ongolandira.

Nyengo yozizira itafika, udzu wa kudambo ukuyera ndi chisanu m'mawa ndipo miyendo ikung'ambika, anthu anatsikiranso kumadimba. Lathu silinalimidwe. Tsiku lina amayi anandituma kukathyola chisoso chomera chokha m'menemo. Ndili chowerama kuseri kwa mpanda wa udzu, ndinamva mawu amene sindinawazindikire msanga. Anali aNagama, mayi wofatsa uja wotsogolera nyimbo pa misa, akukalipa ngati munthu wina. Ankati a Kalisito ndi ouma mutu, athirira mbande dzuwa lisanatuluke madzi ali ozizira chonchi, zaka zonsezi samva. A Kalisito nawo sanagonje. Anati mkazi wolongolola chotere sanamuonepo dziko lonse la Angoni, n'kukumbutsa ndi za mbuzi imene aNagama anapatsa mlongo wawo osafunsa. Ndowa inaponyedwa, apumbwa amene ankajompha tsabola anabalalika. Kukoma kwake mumtima mwanga! Ndinati eyaa, lero nkhunda zibwerera kwathu.

Koma atatopa, a Kalisito anatola ndowa ija, aNagama anamanga mtolo wa ndiwo, n'kuyamba kukwera chitunda. Ndinawatsatira chapatali. Pofika pamapichesi anali akukambirana za mbewu ya nyemba. Nkhunda zinawatera m'miyendo, ndi zanga zomwe.

Sindinapirire. Ndinawapeza aNagama pamtondo n'kuwafunsa kuti bwanji nkhunda sizikuthawa pamene ndawamva ndi makutu angawa akunyozana. Anaseka mpaka kutsamira munsi.

“Ukwati wopanda phokoso uli kumanda, mwana iwe. Ife phokoso timakalisiya kudimba. Agogo akowa akangondiyamba, ndimangoti tiyeni tikathirire.”

Ndinathamanga kukauza amayi ngati ndatola mankhwala. Anandiyang'ana n'kunena kuti kudimba koteroko amapita anthu awiri. Bambo anakwera shapa, minibasi ya ku Tete, chisanu chisanathe, ati kukafuna ntchito, ndipo sanabwerenso. Khola lija tinaligwetsa n'kuwotha moto.

A Kalisito ndi aNagama anatisiya kalekale, anatsatana m'nyengo yozizira imodzi, nazonso ine ndimati ndi mwayi wawo womwewo. Lero ndili pabanja ku Ulongwe, ndipo ndinalimbikira mpaka tinapeza kadimba kumtsinje. Bambo a ana anga akayamba kukweza mawu, ndimanyamula ndowa n'kunena kuti tiyeni tikathirire. Masiku ena amanditsatira, timakatherana zonse pakati pa mizere ya anyezi, n'kubwerako titanyamula ndiwo. Masiku ena amangokhala pampando n'kukweza radiyo. Pamenepo ndimatsika ndekha, ndipo njira yonse ndimakhala nditatchera khutu kumbuyo, mwina ndimva mapazi. ANagama sanayendepo chotero. Iwo ankangonyamula ndowa n'kumapita, osacheuka.