Foni ya a Peniasi

Pa doko la nsomba ku Suva, pa chilumba chathu cha pakati pa nyanja yamchere, panalibe munthu wokayikira anzake kuposa a Peniasi. Ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri, iwo kulemba nsomba, ine kuyeza pa sikelo, koma sindinaonepo zala zawo zikudina nambala yachinsinsi ya foni. Ndikangoyandikira ankatembenukira kukhoma ngati mwana womana.

"Mayi inu, maso anuwo amathamanga. Taimani uko."

"Ndikubereni chiyani, bambo inu? Mamba a nsomba?"

Ntchito yawo inali yotere. Tuna iliyonse ikatsika m'sitima ankaimangirira kachizindikiro kumchira, n'kulemba pa foni ya kampani kuti yachokera m'sitima yakuti, yagwidwira pakuti, waiona ndi Peniasi. Zolembazo zimalowa mu blokocheni. Ife timangoti unyolo, chifukwa chilichonse chimakolekedwa ku chinzake, n'kusungidwa m'makompyuta ambirimbiri a kunja uko. Chalowa chalowa, palibe wofufuta, ngakhale abwana. Munthu wodya nsombayo ku Sydney amatha kuona dzina la amene anaivomereza, ndipo a Peniasi ankanyadira zimenezo kuposa udikoni wawo wa kutchalitchi.

Chaka china kunabwera mayi wa ku Brisbane wofufuza mmene anthu timasamalira zinsinsi zathu pa makina. Anatitchera msampha, uthenga wabodza woti tapata matikiti a mpira wa ragibi, tingodina apa. Tonse tinakodwa, ine woyamba, ndipo manyazi ake sanandichokebe. A Peniasi okha ndiwo sanadine. Mayiyo atawayamikira, iwo anayamba kukayikira mayiyo.

"Munthu wofunsa kumene mumabisa kiyi," anandinong'oneza, "ameneyo ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa."

Ndiye tangoganizani mmene tinadabwira Lolemba lina abwana athu, a Naidu, atatiitana nkhope ili gwa. Unyolo unkaonetsa mulu wa tuna wolembedwa Lamulungu, tsiku limene ife sitigwira ntchito, wochokera m'sitima yopanda chilolezo. Ogula athu anali ataziona kale n'kuimika malonda. Pansi pa nsomba iliyonse panali dzina la a Peniasi.

Sabata imeneyo tinkayang'anana ngati anthu a pamaliro okayikitsa. Ena ankati ndi mlonda. Ena ankati ndi mbava za pa intaneti, ndipo akatswiri anabwera kudzafukula makompyuta athu osapeza kanthu. Ine ndinasiya kusiya chikwama changa pa benchi. Koma chimene chinandidya mumtima ndi chete wa a Peniasi. Munthu wokayikira ngakhale mthunzi wake, lero osaloza chala aliyense? Ndinawatsatira masana kuseri kwa nyumba yoziziritsira nsomba, kumene ankadyera chinangwa chawo ndi tiyi.

"Achimwene, foni ija Lamulungu inali kuti?"

Anameza chinangwa n'kuyankha.

"Anabwera Ilaitia."

Ndinagwira pakamwa. Ilaitia ndi mwana wa mchemwali wawo Salanieta, bambo wandevu zake, wogwira ntchito m'masitima. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi vasu. Akalowa m'nyumba mwa amalume ake n'kutola chinthu, kaya nkhumba, kaya wailesi, chatengedwa basi, ndipo sufunsa kuti akupita nacho kuti.

"Tinali titangoweruka kutchalitchi," anatero a Peniasi. "Anangoitola patebulo, amvekere, 'Amalume, iyi ndaikonda.' Ine ndinati ndi ya kuntchito. Iye kuseka. 'Mawa m'mawa ibwera. Nanga nambala, Amalume? Mundipatsa mwala?' Amayi ake ali pomwepo, alendo ali pomwepo."

"Ndiye inu n'kutchula?"

"Mukanatani inuyo?"

Ndinapsa mtima zedi, ndipo sindinabise.

"Zaka zonsezi mwakhala mukundiingitsa ngati nkhuku pa mpunga! Ine wakuba, koma Ilaitia mngelo?"

"Ndinadziwa kuti pali chinachake," anatero motsitsa mawu. "Maso ake sankandiyang'ana. Koma mayi wa ku Brisbane uja anatiphunzitsa kuopa alendo. Palibe anatiphunzitsa kukana mwana wa mlongo."

Ndinawauza kuti amutchule. A Naidu nawonso anawachonderera, chifukwa ankawakonda ndipo sankakhulupirira kuti angachite zoterozo. Anati akangonena amene anagwira foniyo, nkhani ipita kupolisi, ndipo mu unyolo muwonjezeredwa mawu oyeretsa dzina lawo. Ine ndinali nditaima pakhomo la ofesi. A Peniasi anaika foni pa desiki.

"Bwana, palibe wina. Ndinalemba ndine."

Tsiku lomwelo ntchito inawathera. Ndinalira, ndipo theka la misoziyo inali ya mkwiyo.

Patapita milungu ingapo anandiitana kunyumba kwawo ku Nasinu. Ndinapeza abale a bambo ake a Ilaitia atakhala pamkeka ndi mtolo waukulu wa mizu ya kava, imene timapangira chakumwa cha mwambo, Ilaitia mwini wake atazolika kumbuyo. Anabwera kudzapepesa mwamwambo. Mkulu wawo analankhula nthawi yaitali, mawu okongola, osatchula foni, sitima kapena nsomba. Ine ndinkangoyang'ana nkhope zawo, kufuna kudziwa kuti ndi angati mwa iwo anadya nawo za sitima ija.

A Peniasi anaomba m'manja n'kugwira mtolowo. Kwathu kuno ukalandira kava wa chipepeso, nkhani yakwiriridwa. Woifukulanso ndiye amasanduka wolakwa, ngakhale atakhala wolakwiridwayo.

Salanieta anakwawa pamkeka mpaka pafupi ndi mlongo wake, misozi ili chuchuchu, koma nkhope ikuwala.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni, zatha basi. Mawa mukawauze akuntchitowo kuti takambirana, afufute zija mubwerere."

Ankanena ndi mtima wonse. Kwa iye panalibe mlandu pansi pano woti kava n'kuulephera. A Peniasi anandiyang'ana kamodzi, ine ndinayang'ana pansi.

"Ndikawauza, chemwali," anatero, n'kulandira chikho.

Masiku ano amagulitsa chinangwa ndi koko mumsika, ndipo Loweruka ndimakagula kwa iwo. Dzina lawo likadali mu unyolo muja, pansi pa nsomba zakuba, poti aliyense aone. Ndipo pabanja pawo palibenso wololedwa kufotokoza kuti linafikamo bwanji.